KUWAWA KWA KHOSI KOSATHA: KODI LAMYA INGALOWE M'MALO MWA ULENDO WA KU CIPATALA?

Pakati pa madandaulo amene amamveka m'makiliniki a m'makomboni, kuwawa kwa khosi sikusowa. Amabwera nako amai ogulitsa pa msika, matelala, oyendetsa matakisi ndi maminibasi, makalaliki, ndipo masiku ano ngakhale ana a sukulu. Ambiri amalandira Panado napita kwao, koma pakangopita milungu iwiri amabweranso. Ena amapatsidwa kalata yopita ku cigawo ca physiotherapy, cimene anthu amangocichula kuti fiziyo. Kumeneko amaonekera kamodzi kapena kawiri, kenaka zii.

Cimene cimawaletsa si ulesi ai. Mai wokhala ku Mchini kapena ku Navutika, kuti akaonane ndi a fiziyo ku Chipata Central Hospital, afunika kusiya thebulo lake la pa msika m'mawa wonse, kulipira njinga kapena takisi ulendo wopita ndi wobwerera, ndi kupeza womusiyira ana. Kucita zimenezi sabata ndi sabata kwa miyezi iwiri sicinthu capafupi. Wocokera ku Chadiza kapena ku Vubwi ndiye bvuto lake likulirapo. A fiziyo nawonso ngocepa, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha, kumene mzere wa odwala sitiroko, othyoka mafupa ndi ana olemala umakhala wautali kale.

Kaamba ka ici, funso lakuti wodwala khosi angathandizidwe ali kwao, a fiziyo akumuona ndi kumulangiza pa lamya ya m'manja, ndi funso loyenera kuliyankha bwino. Yankho lake ndi lakuti inde angathandizidwe, pokhapo ngati anayamba wapimidwa ndi manja ku cipatala.

Si nzeru yacilendo

Kuthandiza wodwala ali kutali sikunayambe ndi WhatsApp. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, a Zambia Flying Doctor Service a ku Ndola anali kudalira mauthenga a pa wailesi polankhulana ndi timakiliniki ta kumidzi, ndipo anamwino akale amakumbukira mmene anali kufotokozera matenda a munthu kwa dotolo amene sanali kumuona. Cimene casintha ncakuti tsopano dotoloyo angathe kuona ndi maso.

Njirayi inafala kwambiri mu 2020, caka cimene COVID-19 inafika m'Zambia ndi m'maiko ena ambiri. Zipatala zambiri pa dziko lapansi zinacepetsa odwala obwera ndi kubwerera, ndipo a fiziyo anayamba kuphunzitsa anthu awo pa vidiyo. Koma mliriwo usanabwere, mu 2017, akatswiri a pa University of Queensland ku Australia anali atasonkhanitsa kale zofufuza zosiyanasiyana za odwala mafupa, mfundo ndi minofu. Iwo anapeza kuti ophunzitsidwa ali kutali anapeza bwino mofanana ndi opita ku cipatala, pa nkhani ya ululu ndi pa kugwira nchito kwa thupi. Zofufuzazo zinacitikira m'maiko amene netiweki simadukaduka, motero si zonse zingayende cimodzimodzi ku Kapata. Komabe cifukwa cake njirayi imagwira nchito ncimodzi kulikonse, ndipo cagona pa mmene khosi linapangidwira.

Cimene cimawawa m'khosi

M'khosi mwa munthu muli timafupa 7 tosanjikizana. Pakati pa kafupa ndi kanzake pali kanthu kofewa konga kamsamiro, ndipo kumbuyo kwake kumadutsa mtsempha waukulu wocokera ku ubongo, umene nthambi zake zimapita m'mapewa, m'mikono mpaka ku zala. Pamwamba pa zonsezi pakhala mutu, wolemera makilogalamu pafupifupi 5 kwa munthu wamkulu. Cimene cimaugwira mutuwo kuti usagwe ndi minofu. Ina ili kunja, yooneka ndi yokhudzika, ndipo ina ing'onoing'ono ili mkati, kutsogolo kwa timafupa.

Munthu akakhala nthawi yaitali mutu uli wowerama, monga telala pa makina kapena mnyamata pa lamya, minofu ya ku nkhongo ndi ya m'mapewa imagwira nchito osapuma. Imatopa, niuma. Ululu ukayamba, munthu amaopa kutembenuza khosi, amatembenuka thupi lonse akaitanidwa. Khosi losatembenuzidwa limauma koposa, minofu ya mkati ija nifooka, ndipo nchito yonse imatsalira minofu ya kunja imene yatopa kale. Ululu ukapitirira miyezi 3, a cipatala amauwerengera kuti ndi wokhalitsa. Nkhawa, kusagona bwino ndi maganizo a ngongole zimauwonjezera, pakuti munthu wa nkhawa amakweza mapewa osadziwa.

Bvutoli si la kuno kokha. Kafukufuku wa Global Burden of Disease anaonetsa kuti mu 2020 anthu pafupifupi 203 miliyoni pa dziko lonse anali ndi ululu wa m'khosi, ndipo akazi anali ambiri kuposa amuna. Kuno kwathu akazi ali ndi cowonjezera. Cigubu ca madzi ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20, ndiye kuti mitu inai pamwamba pa mutu wake. Nkhata imateteza khungu la pa mutu, koma kulemera konse kumatsikirabe pa timafupa 7 tija.

Odwala ambiri amaumirira kujambulidwa X-ray, ndipo akauzidwa kuti mafupa aonetsa kutha, amataya mtima. Coonadi ncakuti anthu ambiri opitirira zaka 50 akajambulidwa amapezeka ndi kutha kotereku, ngakhale amene sanamvepo khosi kuwawa. Kuli ngati imvi za mkati. Cithunzi cimenico sicinena kuti munthu sadzacira, ndipo kawirikawiri sicisintha thandizo limene apatsidwa.

Tsono ngati gwero la ululu ndi kuuma ndi kufooka kwa minofu, mankhwala ake enieni ndi kuyendetsa khosi ndi kulimbitsa minofuyo tsiku ndi tsiku. Kutikita ndi kuthowa kumapepuza kwa maola ocepa. Jekeseni, imene ambiri amaikonda, nayonso imangogoneka ululu. Nchito yaikulu amaigwira ndi wodwala mwini wake, ku nyumba kwake. Mbali ya a fiziyo ndiyo kusankha masewera oyenera, kuona ngati akucitidwa bwino, kuwawonjezera nthawi ikakwana, ndi kulimbikitsa munthu pamene wayamba kugwa ulesi. Zinai zonsezi zingayende pa lamya.

Zimene lamya singaone

Cimene lamya singacite ndico kukhudza. Singafinye kafupa kuti imve pamene papweteka, singapeze mwanabele wotupa pansi pa cibwano, singayese mphamvu ya dzanja kapena kugogoda mtsempha wa pa cigongono, ndiponso singapime kutentha kwa thupi ndi BP. Pa anthu ambiri odandaula khosi, ocepa amakhala ndi matenda oopsa amene abisala kumbuyo kwa ululuwo, ndipo ocepawo ndiwo amacititsa kuti ulendo woyamba wa ku cipatala ukhale wosalumphika.

M'dziko lino coyamba kuganizira ndi TB. Anthu amaidziwa ngati cifuwa, koma imalowanso m'mafupa a msana, nthawi zina a m'khosi momwe, munthu osakhosomola nkomwe. Ululu wake sumvera kupuma, umakula usiku, ndipo umayenda pamodzi ndi thukuta la usiku, kuwonda ndi kusafuna cakudya. Munthu wotere akamacita masewera a khosi kwa miyezi itatu akungotaya nthawi pamene fupa likudyeka, ndipo mapeto ake angakhale kufa ziwalo. Khansa imene yafalikira ku mafupa imaonetsanso zizindikiro zofanana ndi zimenezi.

Matenda oumitsa khosi ndiwo acangu koposa. Khosi likauma mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza kapena kubwebweta, munthuyo atengeredwe ku cipatala ola lomwelo, usiku kapena usana. Kwa amene ali ndi HIV, makamaka amene analeka kumwa ma ARV, pali mtundu wina wa matendawa umene umabwera pang'onopang'ono, mutu kuwawa masiku ambiri khosi likulemera. Umenewunso si wa fiziyo.

Pali zizindikiro zina zoonetsa kuti mtsempha waukulu uja wapanikizika. Munthu amayamba kugwetsa makapu, kulephera kumanga mabatani a malaya, miyendo kulemera, kupunthwa poyenda, kapena kubvutika ndi mkodzo. Dzanzi kapena kufooka kwa mkono kumene kukukulirakulira nakonso kufuna manja a dotolo. Cimodzimodzi ululu umene wayamba munthu atagwa pa njinga, atacita ngozi ya galimoto kapena atamenyedwa. Cizungulire cacikulu, kuona zinthu ziwiriziwiri ndi lilime kulemera zingakhale ciyambi ca sitiroko. Ndipo ululu wokwera ku khosi ndi ku nsagwada pamodzi ndi cifuwa kuthina ndi thukuta ungakhale wa mtima.

Amene ali ndi cimodzi mwa zimenezi asaimbe lamya kufunsa masewera. Ngakhale amene anapimidwa kale napatsidwa cilolezo coyamba masewera, cizindikiro cotere cikaoneka pakati pa njira, aleke ndi kubwerera ku cipatala.

Mmene zimayendera

Tsiku loyamba wodwala amapimidwa ku kiliniki kapena ku cipatala, ndipo akatumizidwa ku fiziyo amaonetsedwa masewera maso ndi maso. Pamenepo mpamene ayenera kunena poyera kuti kubwera sabata iliyonse sangakwanitse, ndi kufunsa ngati nkotheka kumaonana pa lamya. Si a fiziyo onse angabvomere, pakuti nthawi yawo njocepa ndipo cipatala ciliconse cili ndi malamulo ake. Koma kufunsa kuposa kungosowa osalaira. Akabvomera, apangane tsiku ndi ola, ndiponso apangane amene adzaimba.

Pa tsikulo wodwala akhale pa mpando wolimba, osati pa sofa yolowa. Abvale cobvala coonetsa khosi ndi mapewa, ndipo duku kapena wigi yogwera pa nkhongo icotsedwe. Kuwala kucokere kutsogolo, cifukwa munthu akakhala copereka msana ku windo amaoneka ngati cithunzithunzi cabe. Lamya isagwiridwe m'manja ndi wodwalayo. Itsamiritsidwe ku kapu kapena ku citini pa thebulo, molingana ndi mapewa, kapena aigwire mwana wamkulu wa pa nyumba. A fiziyo adzafuna kuona kutsogolo, kenaka m'mbali, ndipo kuona m'mbali ndiko kofunika koposa.

Cifukwa cake cioneka pa sewero loyamba limene ambiri amapatsidwa, lobweza cibwano. Munthu amakhala cilili, maso kutsogolo, nabweza cibwano kumbuyo pang'onopang'ono monga wokana supuni ya mankhwala owawa, mpaka pansi pa cibwano pacite mkwinya. Amawerenga mpaka 5, namasula, ndipo amabwereza nthawi 10. Seweroli limadzutsa minofu ya mkati ija. Likuoneka losabvuta, koma odwala ambiri akafika ku nyumba amalisandutsa kuweramitsa mutu, kapena amakankha ndi mphamvu yonse mpaka mitsempha ya pa khosi kutuluka. Otero angacite mwezi wathunthu popanda phindu, nanena kuti fiziyo sigwira nchito. Pa vidiyo colakwaco cimaoneka m'kamphindi, ndipo cimakonzedwa pomwepo. Pepala la zithunzi silingacite zimenezo.

Masewera ena ndi kutembenuza mutu kumanja ndi kumanzere mpaka pamene wayamba kukoka, kupendeketsa khutu kulinga ku phewa popanda kukweza phewalo, ndi kukokera mapewa kumbuyo ngati wofuna kupanikiza pensulo pakati pa msana. Pakapita milungu iwiri kapena itatu a fiziyo amawonjezera olimbitsa. Wodwala amaika cikhato pa mphumi nakankha pang'ono mutu osasuntha, kenaka m'mbali, kenaka ku nkhongo. Pambuyo pake amanyamula mabotolo a madzi m'manja, kukweza mikono m'mbali. Zida za mtengo wapatali sizifunika. Mphindi 10 kawiri pa tsiku zimaposa ola lathunthu la pa Sondo pokha.

Funso limene odwala amafunsa kwambiri ndi lakuti, nanga zikamawawa? Kukoka ndi kuwawa pang'ono pocita masewera si kubvulala, malinga ngati kwatha pasanapite nthawi yaitali ndipo m'mawa mwake munthu sanadzuke moipirapo. Ululu wothamanga ngati magetsi kutsikira ku mkono, dzanzi latsopano kapena cizungulire, zimenezo ndizo zoimitsa sewero ndi kuuza a fiziyo. Kuli bwino kukhala ndi kabuku kolembamo tsiku, masewera amene acitidwa, ndi kukula kwa ululu kuyambira pa 0 mpaka 10. Munthu amaiwala msanga mmene analili mwezi watha, ndipo kabukuko kamaonetsa kuti 7 uja watsika kufika pa 4.

Pali cinthu cimodzi cimene lamya imaposa naco cipinda ca ku cipatala. A fiziyo angathe kuona malo enieni amene khosi limapwetekera. Telala angaonetse mmene amakhalira pa makina ake, ndipo zingapezeke kuti mpando ngwautali, kapena kuti amawerama kaamba ka mdima ndi maso ofuna magalasi. Mai wocapa angaonetse beseni lili pansi, pamene likanakwezedwa pa citsa kapena pa njerwa. Woyendetsa takisi angaonetse mpando wake wogonekedwa kumbuyo, mutu uli cosuzumira. Wodzuka ndi khosi louma angaonetse msamiro, umene uyenera kungodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa munthu akagona cam'mbali. Kugona cafufumimba mutu utapotokera kumbali usiku wonse kumaumitsa khosi.

Za madzi, kuuza mai kuti aleke kusenza nkosathandiza ngati mpopi uli kutali. Cotheka ndico kugawa katundu. Zigubu ziwiri za malita 10 m'manja, kapena wilibala yobwerekana ndi a neba, zimapumitsa khosi. Ngati kusenza sikungalephereke, pakhale womusenzetsa ndi womutula, pakuti khosi limapotoka kwambiri pokweza ndi potsitsa. Ana aang'ono asasenzetsedwe cigubu ca akulu.

Mankhwala ndi zina za m'komboni

Mankhwala opha ululu ali ndi malo ake, makamaka pa masiku oyamba kuti munthu athe kuyendetsa khosi. Munthu wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a Panado a 500mg pa tsiku, ndipo womwa mowa kwambiri kapena wodwala ciwindi afunika ocepera apo. Brufen ndi diclofenac, amene anthu amagula okha m'tuntemba, akamwedwa miyezi ndi miyezi amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Amai apakati, a BP, a shuga ndi amene ali pa ma ARV asawamwe popanda kufunsa ku kiliniki. Nsalu yobviika m'madzi ofunda, yoikidwa pa nkhongo mphindi 15 masewera asanayambe, imathandiza popanda kuononga kanthu.

Kolala yomanga m'khosi, imene ena amabwereka kwa mbale amene anacita ngozi, imafooketsa minofu ikabvalidwa masiku ambiri. Mphini sizifika pa minofu ya mkati, ndipo lumo lobwerekana lili ndi ngozi yake yodziwika. Coipa koposa ndi cizolowezi ca ometa tsitsi ena copotokola khosi la kasitomala mpaka kulira kuti thyo. M'timafupa ta m'khosi mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo, ndipo ngakhale sizicitika kawirikawiri, kupotokola mwamphamvu kungang'ambe mtsempha ndi kuyambitsa sitiroko.

Lamya nayonso yabweretsa asing'anga ake. Pa Facebook, TikTok ndi YouTube pali mavidiyo ambirimbiri a masewera a khosi, ena abwino, ena oopsa, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inapima munthu amene akuionerera. Palinso ena odzicha madotolo amene amafuna ndalama pa mobile money asanamuone wodwala, namugulitsa mafuta kapena lamba wa magetsi. Wa fiziyo weniweni m'Zambia amakhala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo sakwiya akafunsidwa za ciphaso cake. Amene alonjeza kuciritsa khosi la zaka zitatu m'masiku atatu, kapena amene sakufunsa nkomwe ngati munthu anapimidwapo, ngwofunika kumuthawa. Wodwala ali ndi ufulu wokana kujambulidwa kapena kuti vidiyo yake itumizidwe kwa ena, ndipo mai angasankhe kuti pa nthawi yoonana pa lamya pakhale mbale wake pafupi.

Zopinga zilipo. Mabandulo amadya ndalama, ngakhale kuti mphindi 15 za vidiyo kawirikawiri sizifika pa mtengo wa ulendo ndi malonda otayika a tsiku limenelo. Netiweki imaduka, ndipo magetsi akamazimazima monga zinalili mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba, lamya imakhala yozima pa ola lopangana. Cothandiza ndi kujambula kavidiyo kakafupi wodwala akucita masewera ake, ndi kukatumiza pamene netiweki yabwera, a fiziyo nayankha pa nthawi yawo. Amene ali ndi kalamya ka mabatani asadzione otsalira. Iwo angapemphe pepala la zithunzi pa tsiku loyamba, abwere ndi mwana kapena mdzukulu woti aonerere bwino masewerawo kuti azikawakonza ku nyumba, ndipo kuimbirana mau okha kamodzi pa sabata kumakwanira kufunsa za ululu, dzanzi ndi tulo.

Khosi limene lawawa caka cathunthu silimasuka pa sabata imodzi. Ambiri amayamba kumva kusintha pakati pa milungu 6 ndi 12, ndipo masiku ena ululu umabwerera, makamaka pambuyo pa nchito yolemetsa, maliro kapena ulendo wautali wa pa basi. Pa cifukwa ici, tsiku loonananso maso ndi maso lipanganidwe pa ciyambi pomwe, pa sabata la 6, ndipo lilembedwe pa khadi la ku cipatala. Amene wacita masewera ake mokhulupirika koma pa tsikulo palibe cimene casintha, afunika kupimidwanso kuyambira pa ciyambi, ndipo apite ndi kabuku kake kaja pamodzi ndi mapaketi a mankhwala onse amene wakhala akumwa.